Vakabu tinaikwirira, koma akulu ake akali moyo

Anzanga a pamsika, ndikudziwa kuti sabata ino ena mwa inu mukulungira usipa tsamba lino musanafike n'komwe pakati. Palibe kanthu. Nyuzi mwagula ndi ndalama zanu, ndipo usipa nawo umafuna pepala. Koma musanang'ambe, tandiyankhani kaye funso limodzi: alipo mwa inu amene akulikumbukira dzina loti Mayeso Gwanda?

Ngati mwaiwala mwalakwa, chifukwa mkulu ameneyu ndi mnzanu wa geni. Ankagulitsa majumbo ku Blantyre. Tsiku lina mu Malichi 2015 analawira m'bandakucha monga mumachitira nonsenu kuti makasitomala akupezeni muli kale pamalo, ndiye anakumana ndi apolisi panjira. Mlandu wake? Vakabu. Kupezeka ukuyenda nthawi yomwe wapolisi waona kuti munthu wabwino sayenda. Ambiri a inu munaigonerapo m'chitolokosi vakabu imeneyi. Ena munapereka kangachepe pakona kuti akusiyeni, mpamba wa tsikulo n'kuthera pomwepo. Gwanda anakana zimenezo. Mothandizidwa ndi maloya a mabungwe omenyera ufulu wa anthu, nkhaniyo anaitengera kukhoti lalikulu, ndipo pa 10 Januwale 2017 majaji atatu anagamula kuti gawo la ndime 184 lomwe anamumangira nalo likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Wogulitsa majumbo anagwetsa lamulo lomwe nduna ndi aphungu, kuyambira nthawi ya Kamuzu, ankangoliyang'ana n'kulisiya.

Sindikunena kuti kuyambira tsiku limenelo apolisi anasiya kusesa anthu usiku, ayi. Inu mukudziwa bwino kuposa ine. Koma chitseko chinatseguka. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Gwanda anamva m'mimba, anatsekula, ndipo tonse a madengu pamutu tinatulukira pomwepo.

Tsono buku lomwe munali vakabu ija ndi lakalekale. Atsamunda anatibweretsera mu 1930, dziko lino likutchedwa Nyasaland, tauni yathu ino ikutchedwa Fort Johnston. Mukabwerera m'mbuyo masamba angapo m'buku lomwelo mupeza ndime 153, 154 ndi 156. Amenewa ndi akulu ake a vakabu, bere limodzi. Ndime 153 imati kugonana kosemphana ndi chilengedwe ndi mlandu wa zaka mpaka 14 kundende. Ndime 154 imati kungoyesera chabe ndi zaka 7. Ndime 156 ndi ya amuna ochitirana zosayenera, zaka 5. Eni ake ku England anayamba kuchotsa malamulo otere mu 1967, koma ife, monga mwa nthawi zonse ndi katundu wa kaunjika, tikuvalabe.

Munthu amene anayesa kuchita ndi ndime zimenezi zomwe Gwanda anachita ndi vakabu anamangidwira konkuno ku Mangochi. Dzina lake ndi Jana Gonani.

Eee, ndamva kutsonya kwanuko ndili pano. Dekhani pang'ono.

Jana ndi mmodzi mwa anthu omwe pa Chingerezi amawatcha transgender. Pa Chichewa tilibe liwu limodzi, ndiye timangothamangira ku liwu lija loti mathanyula, lomwe limasakaniza usipa ndi utaka m'chigoba chimodzi. Transgender ndi munthu amene tsiku lobadwa azamba anati "mwabereka mwamuna," koma iye pokula amadzimva, amadzidziwa ndiponso amakhala ngati mkazi. Ziliponso zosemphana, wobadwa mkazi wodzidziwa kuti ndi mwamuna. Nkhani yake siyambira pa amene wagona naye usiku. Imayambira pa amene iwe uli ukadzuka m'mawa, momwe uvalire, mbali yomwe ukakhale pamaliro. Mwamwayi chinenero chathu chilibe tsankho pamenepa. Azungu amakangana tsiku lonse kuti munthu wotere amutchule ndi kaliwu ka mwamuna kapena ka mkazi. Ife timangoti iye, basi.

Mu Sepitembala 2021 apolisi a ku Mangochi anamugwira Jana pambuyo pa mkangano. Bungwe la Amnesty International linafotokoza zomwe zinamuchitikira kumeneko: wapolisi wamwamuna anamuyang'ana kumaliseche, kenako anamuika m'selo ya amuna, ndipo anamutumizanso kuchipatala kuti akamuone ngati mutu wake ukuyenda bwino. Pa 23 Disembala 2021, enafe tili kalikiliki kusaka mpunga ndi nkhuku za Khirisimasi, khoti la majisitireti linamupeza wolakwa n'kumulamula kukakhala zaka 8. Anamutumiza ku Chichiri, ndende ya amuna, imodzi mwa ndende zothithikana kwambiri m'dziko muno. Amene munapitako kukazonda m'bale mukudziwa kuti kumeneko ena amagona chokhala, maondo pachifuwa. Tsono tangoganizani munthu wa maonekedwe achikazi ali m'chipinda chotere usiku, chitseko chitatsekedwa.

Ndisabise kanthu, chifukwa mukandigwira bodza simudzagulanso nyuzi ino. Pa milandu ya Jana panalinso wachinyengo, woti anadzionetsa ngati mkazi. Ena a inu muti, "Basitu, wakuba ameneyo, wagulitsa mphaka m'thumba." Tiyeni tikambirane ngati anthu a malonda. Wachinyengo ndi uja amaika miyala pansi pa thumba la makala, kapena usipa wa dzana pansi, wa lero pamwamba. Amadziwa kuti akunama, ndipo akafika kunyumba amaseka. Koma munthu amene diresi ndi chovala chake cha Lolemba mpaka Lamulungu, pamsika, pachitsime ndi pamaliro pomwe, akunamiza ndani? Ngakhale mutati sindikumva zimenezo, anali wolakwa basi, tandiuzani ndime yomwe imapatsa wapolisi wamwamuna mphamvu yomuvula munthu kuti angoona. Malamulo aakulu omwe tinapeza ndi matipate athuwa, pa ndime 19, amati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe ndipo palibe amene ayenera kuchitiridwa zochotsa umunthu. Sanalembe kuti kupatula amene simukumumvetsa.

Nanga ine mlembi wanu ndinatani nkhaniyi itatuluka? Ndinaseka. Inafika pa WhatsApp, ndipo ndinaitumiza pa gulu la anyamata omwe tinaphunzira limodzi kusekondale, n'kuikapo timawu tanga tonyoza pamwamba. Anzanga anandiyamikira kuti ndimatha nthabwala. Ndinagona tulo tabwino usiku umenewo.

Amene anandichotsa nthabwala m'kamwa ndi amayi anga, ndipo sanawerengepo lipoti la bungwe lililonse.

Amayi amagulitsa usipa ndi utaka pa msika wina wa kuno kunyanja, ndipo fizi yanga yonse inachokera pa benchi limenelo. Pafupi nawo pamakhala munthu wina wa mandasi amene ndinamupeza pomwepo ndikuyamba kuzindikira. Dzina lake sinditchula, ngakhale msika wake. Aliyense ankadziwa momwe anabadwira, ndipo aliyense ankadziwanso kuti amavala chitenje ndi duku. Pakagwa zovuta iye amakhala woyamba kufika kumasiye, kutunga madzi, kukolezera moto, kuphika nsima ya adzukulu pamodzi ndi azimayi. Azimayi a pamsika amamutcha achemwali. Zaka zonsezo panalibe amene anaitanitsa msonkhano kuti tikambirane za iye. Anali wa mandasi, mandasi ake anali aakulu, nkhani inathera pomwepo.

Chigamulo cha Jana chitangomveka, mphepo inasintha. Anyamata ena a kabaza anayamba kumukuwiza akamadutsa: "Iwenso zaka 8 zako zikukudikira!" Mkulu wina wa tiyi, yemwe ankatenga mandasi pangongole sabata ndi sabata, ngongole itafika K6,000 anangoti, "Sindilipira. Kandinenere kupolisi, tione amene atsalire komweko."

Anzanga, imani pamenepo kaye. Mawu a mkulu wa tiyiwa ndiwo nkhani yonse ya sabata ino. Anthu amakonda kunena kuti malamulo amenewa alibe vuto chifukwa omangidwa nawo ndi owerengeka. Koma lamulo siligwira ntchito kukhoti kokha. Limagwira ntchito pabenchi, panyumba ya lendi, pamzere wa kuchipatala. Limauza wangongole kuti uyu ungamudyere. Limauza landilodi kuti uyu ungamutulutsire katundu panja pakati pa mwezi. Limauza chidakwa kuti uyu ukamumenya sakadandaula kulikonse. Inu amene munakhalapo pansi pa vakabu mukudziwa mmene zimakhalira ukaberedwa usiku koma n'kuopa kukanena, poti funso loyamba likhala loti iweyo umatani panja nthawi imeneyo.

Ndiye linafika Loweruka lina la mu Januwale 2022, mvula itagwa usiku wonse, msika uli matope okhaokha. Ndinapita kukatenga ndalama ya ufa kwa amayi, poti utolankhani woyima pawekha ndi dzina chabe, m'thumba mumakhala mphepo. Ndinangomva phokoso. Anyamata atatu anali atamuzungulira wa mandasi uja. Wina anakoka duku, wina anagwira chitenje n'kuchimasula, beseni la mandasi linagubuduka m'matope. Anthu anakhamukira pomwepo, mafoni m'mwamba. Ena ankaseka, ena ankangoyang'ana. Inenso dzanja linali litalowa kale m'thumba kufuna foni, mumtima ndikuti nayi nkhani ya tsamba loyamba.

Amayi anadzuka pabenchi osathamanga. Anamasula chitenje chawo chapamwamba, chija chonunkha nsomba, n'kumufunditsa munthuyo. Kenako anatembenukira kwa anyamata aja, omwe awiri mwa iwo anawaona akukwawa.

"Ana inu, amayi anu akudziwa kuti mwabwera kudzavula anthu pamsika? Mandasi amene munkadya mukupita kusukulu opanda kobiri ankakupatsani ndani?"

Palibe anayankha. Ndiye maso awo anagwera pa ine.

"Nawenso wa nyuzi, wangoti chilili? Bweza foniyo. Tola mandasiwo."

Ndinatola. Mandasi a m'matope sagulitsika, koma ndinatola limodzilimodzi mpaka beseni linadzaza, anthu akubalalika.

Madzulo ake ndinawafunsa amayi. Iwo saphonya mapemphero, ndipo ndikudziwa zomwe amaphunzitsidwa pa nkhani zotere. Ndinati, "Amayi, kodi inu mumagwirizana nazo?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa mtengo wa chambo kwa wogulitsa tomato. "Mwanawe, kugwirizana nazo kapena ayi ndi za ine ndi Mulungu wanga. Koma kuvulidwa pamsika ine ndikukudziwa. Iwe sukukudziwa."

Ndipo anandikumbutsa zomwe ife obadwa m'matipate timangomva. Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo la kavalidwe. Mkazi sankaloledwa kuvala buluku kapena siketi yoonetsa maondo, mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Pachipata cha msika pankaima a yufi kufunsa makadi a chipani, ndipo maso awo sankathera pa khadi pokha, ankatsikanso kuyeza siketi. Amayi akuti tsiku lina ali mtsikana anabwezedwa pachipata anthu akuwakuwa, chifukwa diresi lomwe anakula nalo linali litafupika. Nthawi imeneyonso ankati n'kuteteza chikhalidwe. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu, ndipo lero ana anu aakazi akugulitsa nanu atavala jinzi, thambo silinagwe.

Pamenepa ndiyenera kukupondani chala, anzanga, poti mnzako weniweni ndi amene amakuuza kuti m'mphuno muli kanthu. Mu Januwale 2012, patapita zaka pafupifupi 20 lamulo la kavalidwe litafa, amene anavula azimayi ovala mabuluku ndi timasiketi m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu sanali apolisi kapena a yufi. Anali ena mwa mavenda. Azimayi anachita kusonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo, ndipo Joyce Banda, yemwe anali wachiwiri kwa pulezidenti nthawi imeneyo, anali nawo. Ife amene timalira tikathamangitsidwa m'misewu, katundu wathu n'kulandidwa, ndife tomwe timathamanga kukavula wofooka kuposa ife. Chimenechi chimandichititsa manyazi, chifukwa inenso ndine mwana wa pamsika.

Tibwerere kwa Jana. Wina akanangoti ndagwa nayo, n'kuyamba kuwerenga masiku pakhoma. Iye mu Febuluwale 2022, ali m'ndende momwemo, anatengera nkhani yake kukhoti lalikulu mothandizidwa ndi bungwe la Nyasa Rainbow Alliance, lomwe mmodzi mwa oliyambitsa ndi Eric Sambisa. Bungwe limeneli nalonso lili ndi zipsera zake, poti boma linakana kulilembetsa m'kaundula mu 2017. Jana sanangopempha kuti amuchepetsere zaka. Anafunsa funso lomwe Gwanda anafunsa: kodi lamulo la atsamundali likugwirizana ndi malamulo aakulu omwe tinadzilembera tokha, omwe amalonjeza ulemu, chinsinsi cha munthu ndi kusasankhana?

Tsoka lake, nkhani yake inaphatikizidwa ndi ya mzungu wa ku Netherlands, Jan Willem Akster, yemwe ankaimbidwa milandu yochita zadama ndi achinyamata a pa bungwe lomwe iye ankagwirako ntchito. Nayenso ankatsutsa ndime zomwezo. Kwa munthu womvera pa wailesi zinangokhala mphika umodzi: mzungu, ndalama zakunja, ana athu. Ine maganizo anga ndi achidule. Aliyense wogwiritsa ntchito udindo kapena ndalama kukakamiza mnzake, kaya ndi mzungu kaya ndi Che Uje wa padoko amene amauza mayi wogula nsomba kuti usipa ulipo ukayamba wapita naye kuseri kwa thandala, ameneyo ayankhe mlandu ndipo chilango chikhale chowawa. Koma nkhani ya anthu akuluakulu awiri ogwirizana ndi ina, ndipo inamira m'phokoso.

Phokosolo linafika pachimake pa 13 Julayi 2023, pomwe atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anatsogolera zionetsero. Ku Blantyre patsogolo panali Arkibishopu Thomas Luke Msusa, mwana wa kuno ku Mangochi. Zikwangwani zinkakana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Ufulu wochita zionetsero ndi wawo, ndipo ine ndingaumenyere nkhondo. Chondidabwitsa n'chakuti kukhoti kuja panalibe amene anapempha ukwati. Jana sankafuna mtchatho kapena ankhoswe. Funso linali loti munthu azimangidwa kapena ayi. Anthu masauzande anaguba padzuwa kukana chinthu chomwe sichinapemphedwe, pomwe wopempha zenizeniyo anali ku Chichiri, mumzinda womwewo.

Pa 28 Juni 2024 majaji atatu, Joseph Chigona, Chimbizgani Kacheche ndi Vikochi Chima, anakana pempholo. Anati odandaulawo alephera kuonetsa kuti ndimezo zimasankha anthu, ndipo anati amene akuona kuti lamulolo ndi loipa apite ku Nyumba ya Malamulo kuti aphungu akalisinthe. Jana anagonja. Pomwe Gwanda anatsekula chitseko, iye anagogoda n'kuuzidwa kuti kiyi ali kwa aphungu.

Papepala n'zoona kuti ndime 153 imagwira aliyense, mwamuna kapena mkazi, ngakhale a pabanja. Vakabu nayonso papepala inkagwira aliyense. Koma munamvapo bwana wa galimoto yakuda magalasi atagona m'chitolokosi chifukwa choyenda usiku? Amene ali ndi mpanda wa njerwa, geti ndi mlonda amachita zomwe akufuna, ndipo lamulo limathera pageti. Wogwidwa ndi uja nyumba yake ndi ya lendi, khoma lake ndi la bango, ndipo nkhope yake siibisika. Munthu ngati Jana sangabisale ngakhale atafuna. Akangotulutsa chiphaso cha unzika pa benchi la Airtel Money kapena Mpamba, chiphaso chikunena zina, nkhope ikunena zina, mzere wonse wadziwa. Lamulo la maukwati la 2015, lomwe tinaliombera m'manja chifukwa choika zaka zokwatira pa 18, lili ndi kamzere koti munthu ndi mwamuna kapena mkazi malinga ndi momwe anabadwira basi. Akadwala, agonekedwe wodi iti? Ambiri amangogula panado pagolosale n'kukagona kunyumba.

Za aphunguzo musandiseketse. Chichiri yomweyo inasungapo munthu wina wonga Jana, ndipo tinaona zomwe aphungu anachita. Pa 26 Disembala 2009 Tiwonge Chimbalanga, yemwe ambiri ankamutcha Aunt Tiwo, anachita chinkhoswe ndi Steven Monjeza pa Mankhoma Lodge ku Chirimba. Patangotha masiku awiri onse anali m'manja mwa apolisi. Ine ndinali kupulayimale, koma ndikukumbukira akuluakulu ataunjirira wailesi ngati kuli mpira wa Bullets ndi Wanderers. Manyuzi a kuno ndi a kunja ankalemba za amuna awiri, pomwe Tiwonge mwini wake ankanena poyera kuti iye ndi mkazi. Pa 20 Meyi 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa Usiwa anawapatsa zaka zonse 14 kuti ena atengerepo phunziro. Pa 29 Meyi pulezidenti Bingu wa Mutharika, atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations Ban Ki-moon, anawakhululukira, koma ananeneratu kuti sakugwirizana ndi zomwe anachita. Chaka chisanathe aphungu anaonjezera ndime ina, 137A, kuti nawonso akazi okhaokha azimangidwa zaka 5. Amenewo ndiwo osunga kiyi.

Aunt Tiwo anatuluka m'ndende koma sanathenso kukhala mwamtendere m'dziko lake. Anathawira ku Cape Town, ku Joni komwe anyamata athu ambiri a kuno amapita kukasaka ya malata, ndipo kumenekonso anakumana ndi nkhanza. Mtolankhani wa kumeneko Mark Gevisser analemba za moyo wake m'buku lotchedwa The Pink Line mu 2020. Iye anali ndi mwayi woti dziko lonse lapansi linkamuyang'ana. Jana analibe Ban Ki-moon.

Nduna nazo zinayesa kusewera pakati. Mu 2012 Ralph Kasambara ali nduna ya zamalamulo ananena kuti apolisi asiye kaye kumanga anthu ndi ndime zimenezi, ndipo mu 2015 Samuel Tembenu anabwereza zomwezo. Mu 2016 abusa ena anapita kukhoti la ku Mzuzu n'kuimitsa ganizolo. Mawu a nduna ali ngati lonjezo la khansala loti amanga shedi ya nsomba. Akachoka, amapita nalo.

Ena mumati zonsezi ndi za azungu. Ndikumvetsa chifukwa chake mumatero, poti ife a ku Mangochi timaona zambiri. Timaona magalimoto aakulu a mabungwe akulowera kumahotela a m'mbali mwa nyanja yathuyi, anthu n'kukhala masiku atatu kukambirana za osauka uku akudya chambo chomwe osaukawo anasiya kalekale kuchilawa. Inenso ndinakhalapo pa msonkhano wotere, ndinasaina alawansi, ndinalandira ndi tisheti yomwe. Pa mphindi zonse zomwe tinakamba za ufulu, m'chipindamo munalibe munthu ngati wa mandasi uja, ndipo sindikhulupirira kuti pageti akanamulola. Sindikunyoza onse, poti popanda maloya a mabungwe, Gwanda ndi Jana sakanaliona khomo la khoti lalikulu. Koma amene ananyamula nkhondoyi pathupi pake, amene anavulidwa, kuyezedwa mutu ndi kugona ku Chichiri, si mzungu ndipo sanasaine alawansi.

Komanso kuti muone dziko lomwe linachotsa lamulo lotere simufunika ndege. Kwerani galimoto ya ku Namwera, mufike pa Chiponde, muolokere ku Mandimba. Mozambique inasiya malamulo a Apwitikizi a mtundu umenewu mu 2015. Tsidya limenelo kuli Ayao omwewa, mizikiti ndi matchalitchi omwewa, azakhali athu ndi amalume athu. Jando ndi nsondo zikuchitikabe, maukwati akumangidwabe, ana akubadwa. Botswana inachotsa kudzera kukhoti mu 2019. Ku Namibia khoti linachotsa pa 21 Juni 2024, sabata imodzi yokha majaji athu asanakane pempho la Jana.

Sindikupempha shehe kapena abusa kuti asinthe ulaliki wawo. Tchimo ndi mlandu ndi zinthu ziwiri, ndipo ife a kuno timazidziwa bwino. Mowa ndi haramu kwa Msilamu, koma mabala ali yakaliyakali usiku wonse ndipo palibe amene wapempha kuti womwa azipita ku Chichiri. Chigololo chimaletsedwa kumzikiti ndi kutchalitchi komwe, koma timachisiya m'manja mwa ankhoswe ndi Mulungu. Tikanati aliyense wachigololo zaka 14, kodi kumadoko athuwa, kuyambira ku Makawa mpaka ku Monkey Bay, chilimira akanakoka ndani? Musandiyang'ane choncho, mukudziwa zomwe ndikunena.

Wa mandasi uja anasowa pamsika masabata atatu. Amayi ankatuma mlongo wanga kukamusiyira kambale ka usipa madzulo, osanena kanthu kwa aliyense. Atabwerera sanakhalenso pamalo pake pakale pafupi ndi chipata. Anasamukira kumbuyo kwa benchi la amayi, beseni lake pansi pa thebulo la nsomba, ndipo makasitomala ena amadandaula kuti mandasi akumveka usipa. Amafika kusanache ndipo amaweruka dzuwa likali pamwamba. Anyamata awiri aja amadutsa ndi njinga zawo maso ali pansi. Wachitatu anapita ku Joni.

Ndinamufunsa tsiku lina ngati anamva kuti mlandu wa Jana unakanidwa. Anati anamva pa wailesi ya mnzake. Anakhala chete akutembenuza mandasi m'mafuta, kenako anati, "Achimwene, koma analimba mtima." Atatero anandifunsa ngati ndikufuna awiri kapena atatu.

Mkulu wa tiyi uja akugulitsabe tiyi pakona pomwepo. Mandasi amatenga kwa wina tsopano. K6,000 ija sanabwezebe.